Galimoto yakale simva changu, mphwanga

Mphwanga wina amene akukhala ku Leicester wanditumizira zithunzi pa WhatsApp. Wagula galimoto ya MGB ya 1972, yofiira, yopanda denga, ndipo kumbuyo kwake kwakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira. Akuti masipuling'i atsopano afika, Loweruka asintha yekha pakhomo, madzulo ake akayendayenda nayo. Ndinaseka. Walira mvula walira matope. Poti kumeneko alipo ambiri a mtima ngati wakewu, yankho langa ndaliika pano kuti mumvere limodzi.

Iwe mphwanga, galimoto wagulayo siyovuta kuimvetsa. Anayamba kuipanga mu 1962 ku Abingdon, kufupi ndi Oxford, mpaka fakitale inatsekedwa mu 1980, atapanga zoposa theka la miliyoni. N'chifukwa chake zipangizo zake zikupezekabe. Kumbuyo kwake kuli ekiselo imodzi yogona pa masipuling'i awiri a zitsulo zosanjikiza, ofanana ndi a ma pickup onyamula chimanga kwathu kuno, aja akathyoka amisiri amasulira nkhwangwa ndi zikwanje. Ukayang'ana pansi uona mabawuti ochepa, n'kuganiza kuti ndi ntchito ya maola atatu. Chimene sukuchiwerengera ndi dzimbiri. Kumeneko amathira mchere m'misewu nyengo yozizira, ndipo mabawutiwo akhala akumwa madzi amcherewo zaka zoposa 50.

Choncho ntchito ya Loweruka iyambe Lolemba. Tsiku lililonse ukaweruka, pala manati ndi burashi ya waya, uwathire mafuta olowerera m'dzimbiri, uwasiye. Ona ngati masipanala ako ndi a mainchi, chifukwa galimotoyi sidziwa mamilimita. Sipanala ya 13 imaoneka ngati yakwana pa nati ya theka la inchi, koma ukakoka mwamphamvu imadya makona, ndiye watsala ndi nati yobulungira yosagwirika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa nkhani ya jeke sindinyengerera. Jeke ndi yonyamulira, siyogonera pansi pake. Tsekera matayala akutsogolo, nyamula pa difu, pakati pa ekiselo, uike masitandi achitsulo pansi pa thupi la galimoto, kutsogolo kwa pamene sipuling'i yamangidwa. Njerwa ayi, zimaphwanyika osachenjeza. Ndili mnyamata ndinaona munthu akusololedwa pansi pa galimoto imene anaikhazika pa njerwa. Anapulumuka, koma phewa lake silinabwererenso mwakale. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo usanaike sitandiyo, gogoda chitsulocho ndi nyundo. MGB ilibe chasisi chapadera, thupi lakelo ndiye mafupa ake, ndipo sipuling'i imagwira pa thupilo. Pakalira ngati chitini chobooka, kapena nyundo ikalowa, leka zonse, uyambe wafuna wowotcherera. Kumanga sipuling'i yatsopano pa chitsulo chowola n'kufolera udzu watsopano pa mitengo ya chiswe.

Yamba mbali imodzi, inayo isiye. Ikugwirira ekiselo kuti isasunthe, komanso ukaiwala kuti kachitsulo aka kanali pati, uli ndi pokaonera. Jeke ikhalebe pansi pa ekiselo, chifukwa ikagwa mwadzidzidzi imakoka paipi ya labala ya mabuleki. Kumbukiranso kuti sipuling'i yopanikizika ili ndi ukali. Usamasule lamba wogwira ekiselo, kapena manati a ma U-bolt omangira sipuling'i ku ekiselo, jeke isanalandire katunduyo.

Tsopano bawuti ya kutsogolo kwa sipuling'i. Imeneyi ndiye idzakuphunzitsa ulemu. Imadutsa m'kapaipi kachitsulo kamene kali mkati mwa bushi ya labala, ndipo pakapita zaka bawuti ndi kapaipiko zimasanduka chinthu chimodzi. Nati imamasuka bwinobwino, iwe n'kusangalala, koma bawutiyo osatuluka. Ukaizunguza, labala imapotoka n'kuibwezera pomwe inali. Ukaimenya, labala yomweyo imameza mphamvu ya nyundo, ndipo ukakakamira umapinda khutu lachitsulo la pa thupi la galimoto, chinthu chodula kukonza kuposa sipuling'i. Apa mtima udzakuuza kuti ubweretse moto. Usamvere: thanki ya petulo ndi mapaipi ake zili pafupi. Tenga sowo yodulira zitsulo, uilowetse pakati pa sipuling'i ndi khutulo, udule bawutiyo mbali zonse ziwiri. Mkono udzatopa, mwina dzuwa lidzakulowera uli pa bawuti imodzi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Gulirathu mabawuti atsopano, kuti podula usamve chisoni.

Mashoko ake usawataye msanga poona kuti ndi achilendo. Ndi a Armstrong, a mkono, okhala ndi mafuta mkati. Ukamasula mkonowo, uukweze ndi kuutsitsa ndi dzanja. Ukamalimba mofanana ulendo wonse, ndipo sakudontha, ali bwino. Ukapeza malo ofewa, pamenepo ndiye pali nkhani. Masipuling'i sintha onse awiri, ma U-bolt ndi malabala ake omwe.

Pobwezera, mnzako akhalepo. Sipuling'i yatsopano imakhala yopindika kwambiri, imakana kufika pa dzenje lake, ndipo jeke ikamaikankha imayamba kunyamula galimoto yonse kuichotsa pa masitandi. Pamafunika wina woyang'ana, kapena katundu wolemera m'buti. Mutu umodzi susenza denga. Kumeneko kuli madoda a MG Owners' Club amene anaithyolera misana galimoto imeneyi iwe usanabadwe. Afunse. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chimene ndikufuna usaiwale kwenikweni ndi ichi, chifukwa ambiri amagwa pamapeto, atatopa, akufuna tiyi. Mabawuti odutsa m'mabushi usawalimbitse galimoto ili m'mwamba. Amange pang'ono chabe, ubwezere matayala, uitsitse, uigwedeze kangapo kuti ikhazikike, kenako ulimbitse ili ndi kulemera kwake konse. Ukalimbitsa ili lende, labala imagwidwa pamalo olakwika, galimoto ikatsika imakhala yopotoka usana ndi usiku, ndipo posachedwa imang'ambika. Ntchito yonse ija, bawuti ija unadula ndi thukuta, uyambirenso.

Wandiuza monyadira kuti galimotoyi sifunika MOT. N'zoona, kuyambira 2018 ku Britain galimoto yopitirira zaka 40 imene sinasinthidwe kwambiri sikakamizidwa kukayezedwa chaka ndi chaka. Iwe ukuona ndalama zopulumuka. Ine ndikuona kuti nati ukaisiya yosalimba palibe adzakuuze, ndipo pampando winawo pakhala mpongozi wathu. Lamulo silikuletsa kupita nayo wekha kukayezetsa. Pita nayo, diso lachiwiri lione.

Ukayenda nayo masiku angapo, lowanso pansi ukhudze manati a ma U-bolt, chifukwa malabala atsopano amaphwa ndipo manati amalekerera. Ukaona kumbuyo kwakwera ngati bakha, usadandaule, masipuling'i atsopano amatsika akamayenda. Masipuling'i akalewo usataye. Ukamabwera pa Khirisimasi tenga chitsulo chimodzi, ngati a ndege angalole kulemera kwake. Nkhwangwa yanga yatha.