Nambala yosagula feteleza

Funso lija lakuti "kodi zimenezi tidya?" limandiwawa, ndipo silichedwa kutuluka nkhani ya masamu ikangoyamba. Mu Okutobala 2024, Luke Durant wa ku America anapeza nambala yosagawika yaikulu kuposa zonse zodziwika. Nambala yosagawika ndi ija imene mungaigawe ndi 1 kapena ndi iyo yomwe basi, monga 7 kapena 13. Ya Durant imapezeka mukachulukitsa ma 2 okwana 136,279,841 kenako n'kuchotsapo 1. Ili ndi madijiti 41,024,320, moti mutamatchula dijiti imodzi pa sekondi, osagona, chaka chingathe musanamalize. Kungochulukitsa ma 2 sikokwanira: ma 2 okwana 11, kuchotsapo 1, amapereka 2047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. N'chifukwa chake nambala zosagawika za mtundu uwu, zotchedwa ndi dzina la Marin Mersenne, zodziwika ndi 52 zokha.

Wotsutsa anena kuti nambalayi siigula feteleza pa Jenda, ndipo sanama. Palibe banki imene ikuigwiritsa ntchito. Koma taganizirani za Euclid, amene zaka zoposa 2,000 zapitazo anatsimikizira kuti nambala zosagawika zilibe malire. Kwa zaka zonsezo phindu lake la m'thumba silinkaoneka. Mu 1977 Rivest, Shamir ndi Adleman anatulukira njira yotetezera mauthenga potengera mfundo imodzi: kuchulukitsa nambala ziwiri zosagawika za madijiti pafupifupi 300 n'kosavuta, koma kupatsidwa yankho lokha n'kufufuza nambala ziwirizo, ngakhale makompyuta amphamvu a lero amalephera. Masamu otere ndiwo amalondera ndalama zoyenda pa intaneti. Tonse tikudziwa kuti ku Mzimba nyumba zambiri zamalata, kuyambira pa boma mpaka ku Embangweni ndi Edingeni, zamangidwa ndi ndalama za ku Joni. Mayi amene akulandira ndalama za mwana wake wa ku Johannesburg akudya thukuta la anthu amene anzawo ankawaona ngati otaya nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti funso lomweli timalilowetsa m'mitu ya ana. Mwana akamafunsa chifukwa chake 91 imaoneka yosagawika pamene ndi 7 kuchulukitsa ndi 13, timamuuza kuti aloweze zobwera pa mayeso a MSCE, zinazo asiye. Ena amati dziko losauka liyambe ndi zam'mimba. Koma masamu ndi phunziro lotsika mtengo kuposa onse: safuna labotale, amafuna choko, pepala ndi mphunzitsi amene sanatope. Makolo ndi aphunzitsi a ku Mzimba, mwana wokonda kusewera ndi manambala musamuuze kuti akuchedwa. Mupatseni 2047 aiphwanye yekha.