Ubale wa zipembedzo uyambire pa ntchito, monga pa St Francis

Pa 4 February 2019, Papa Francis ndi Shehe Ahmed el-Tayeb, mkulu wa Al-Azhar ya ku Cairo, adasainirana chikalata ku Abu Dhabi cholimbikitsa Akhristu ndi Asilamu kukhala ngati abale. Mu 2023 mumzinda womwewo mudatsegulidwa Abrahamic Family House, pomwe mzikiti, tchalitchi ndi sunagoge zidamangidwa pabwalo limodzi. Nzoyamikika, makamaka m'chigawo chomwe dziko la Lebanon lidapsa ndi nkhondo kuyambira 1975 mpaka 1990, magulu a zipembedzo atanyamulirana mfuti. Komabe ine ndikuti kuno ku Katete tili ndi umboni wolimba kuposa chikalata, ngakhale sitiuwerengera.

Chipatala cha St Francis adachiyambitsa ndi a Anglican mu 1948, ndipo lero amachiyendetsa pamodzi ndi Akatolika. Mipingo iwiriyi sidadikire kuti iyambe yamvana za udindo wa Papa. Idamvana za mankhwala, anamwino ndi odwala ochokera ku Sinda, Chadiza, Vubwi ngakhalenso kutsidya ku Mozambique. Pomwe odikirira odwala amaphikira, mayi wa Chigwirizano amapala moto pa mafuwa a mayi wa Chisilamu, wina n'kugawira mnzake mchere, popanda wofunsa kuti mumapemphera kuti. Anthu akasenza ntchito imodzi, mkangano umawapweteka onse, choncho amafulumira kuuthetsa. Chikalata chilibe mphamvu imeneyo.

Ena anena kuti a mipingo iwiriyo ndi Akhristu okhaokha, ndipo Zambia ndi dziko lachikhristu, monga adalengezera a Frederick Chiluba pa 29 December 1991, mawuwo n'kulowa m'malamulo aakulu mu 1996. Nzoona, koma malamulo omwewo amatetezanso ufulu wa munthu aliyense wopembedza monga akufunira. Asilamu kuno si alendo. Amalonda ochokera ku Gujarat adakhazikika pamene Chipata inkatchedwa Fort Jameson, ndipo adzukulu awo ndi mbadwa. Tione kwa anansi athu. Ku Malawi, Akhristu ndi Asilamu akhala limodzi m'bungwe la Public Affairs Committee kuyambira 1992. Mkangano wa hijabu utabuka pa sukulu ya mpingo ku Balaka mu 2019, mpaka makalasi kutsekedwa, panali kale bwalo la anthu odziwana, ndipo mu 2021 adagwirizana. Akadayamba kufunana moto utayaka kale, zikadavuta.

Chovuta chenicheni kwathu nchakuti bwalo la ku Abu Dhabi lili ndi nyumba zitatu, pomwe ife tili ndi yachinayi, dambwe. Gule Wamkulu, yemwe UNESCO idamuzindikira mu 2005, amavinidwa poyera pa Kulamba ku Mkaika pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo ambiri oonerera amakhala kuti mawa lake ali m'tchalitchi. Koma kumudzi, pa maliro a munthu yemwe ana ake ena ndi a mpingo, ena ndi a gule, mpamene mitima imatentha: kwaya ikufuna kuimba, zilombo zikufuna kuperekeza mnzawo, namfedwa ali kakasi. Abusa ena amaopa kuti kukhala pansi ndi akuluakulu a dambwe nkusakaniza chikhulupiriro. Mantha amenewo ndikuwamvetsa, koma palibe akuwapempha kupembedza pamodzi. Chofunika nkupangana kuti atsogolere mwambo ndani, nthawi yanji, ndiponso kuti anyamata asamasiye sukulu chifukwa cha dambwe, dandaulo lomwe a gule nawonso ayenera kulimva mosakwiya.

Mafumu Mbang'ombe, Kawaza, Kathumba, Nyanje ndi Pembamoyo ali ndi mphamvu yoitana wansembe, m'busa, shehe ndi wakunjira wa kudambwe pa bwalo limodzi, pasanagwe zovuta. Nkhani yoyamba kukambirana ikhale ya manda: aikidwa motani munthu yemwe abale ake amapembedza kosiyana.