MAKINA PA MUDZI: Urea wa Kumunda Sathiridwa m'Galimoto

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika m'boma la Chadiza, munthu amene ali ndi galimoto sagona tulo tokwanira. Matumba a cimanga amalinda ulendo wa ku madepoti a Food Reserve Agency, soya, nshawa ndi mpendadzuwa zimafuna kukafika ku Chipata, ndipo pakati pa usiku pangabwere wogogoda kudzanena kuti mai wapakati wayamba kudwala. Galimoto imodzi imatumikira midzi yambiri. Motero ikafa, wovutika si mwini wace yekha iai.

M'zaka zino m'miseu ya kwa Mlolo, kwa Mwangala ndi kwa Zingalume mwayamba kuoneka magalimoto a dizilo a mtundu watsopano, amene anagwirapo kale nchito ku Britain kapena ku Japan. Ngokongola, injini zace nzamphamvu, ndiponso samwa mafuta ambiri. Koma akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri mwa magalimoto amenewa ali ndi kathanki kaciwiri ka cotsekera cabuluu, ndipo m'menemo muthiridwa madzi ena ochedwa AdBlue, amene ku America achedwa DEF.

Vuto la kathanki kameneka limayamba motere. Patsogolo pa woyendetsa payaka kanyali, ndipo pambali pace paoneka ciwerengero ca makilomita cimene cinka cicepa tsiku ndi tsiku. Woyendetsa amva injini iri kulira bwino, naganiza kuti nyaliyo njabodza. Tsiku lina azima injini pa msika, galimoto itadzaza matumba, ndipo pofuna kuiutsanso ikana. Batire njamoyo, dizilo alimo, anyamata akankha mpaka thukuta, koma osatheka. Pamenepo sipalephera kubwera mnzace wodziwa zonse, amene anena kuti madziwo ndi urea cabe, ndi kuti kunyumba kuli thumba la feteleza lotsala limene angasungunule ndi madzi a pacitsime. Langizo limeneli limveka lanzeru, koma lingathe kudya ndalama za zokolola za caka conse.

Madzi amenewa ngotani?

Mnzaceyo sananame konse, pakuti urea alimodi. Pa magawo 100 a AdBlue, magawo 32.5 ndi urea woyengeka bwino, ndipo magawo 67.5 ndi madzi amene anacotsedwa mcere ndi miyala yonse yosungunuka. Muyeso umenewu ngofanana pa dziko lonse, ndipo pa cigubu ceniceni palembedwa nambala ya ISO 22241.

Nchito yace ndi kuyeretsa utsi. Injini ya dizilo ikatentha imatulutsa mpweya woipa wochedwa NOx, umene upweteka mapapo ndi kukulitsa matenda a mphumu. Cifukwa ca ici maiko a ku Ulaya anaika malamulo okhwima. Malole akulu a kumeneko anayamba kugwiritsa nchito madziwa m'zaka za 2005 ndi 2006, ndipo malamulo a Euro 6, amene anagwira magalimoto ang'ono onse atsopano mu 2015, anacititsa kuti madziwa afalikire. Ku Japan nakonso ma Canter ambiri opangidwa kuyambira mu 2010 ali nako kathanki kameneka.

Kagwiridwe kace ka nchito nkosavuta kumva. Pampu imakoka madzi m'thanki ndi kuwapereka ku kamlomo kamene kamawawaza ngati nkhungu m'paipi wa utsi. Kutentha kwa utsi kumasandutsa urea kukhala ammonia. Patsogolo pang'ono pali cibokosi ca timabowo tambirimbiri tonga ta cisa ca njuci, ndipo m'menemo ammonia amakumana ndi mpweya woipa uja. Cotuluka kumbuyo ndi nitrogen, amene ali kale wocuruka mu mpweya umene anthu apuma, pamodzi ndi nthunzi ya madzi. Galimoto yaing'ono imamwa lita 1 kapena 2 pa makilomita 1,000. Lole imamwa pafupifupi malita 5 pa malita 100 alionse a dizilo.

Nanga ikana kulira cifukwa ninji? Lamulo la ku Ulaya limakakamiza opanga magalimoto ang'ono kuti cenjezo liyambe patatsala makilomita 2,400 kuti madzi athe, ndi kuti cenjezolo likanyozedwa injini isadzukenso itazimidwa. Pa malole a Euro VI mphamvu imayamba yacepa ndi gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo pambuyo pace liwiro limamangidwa pa makilomita 20 pa ola. Tsono galimoto yokana kulira pa msika ija siinafe. Iri kungomvera lamulo la kwao, ngakhale iri pakati pa midzi ya Acewa.

Cifukwa cace feteleza sayenera

Urea wa kumunda anapangidwira nthaka. Timibulu tace timakutidwa ndi mankhwala oletsa kugwirana m'thumba, muli fumbi, ndiponso muli cinthu cina cochedwa biuret coposa muyeso umene galimoto ilola. Cimanga sicisamala zimenezi, koma kamlomo kowaza kaja kali ndi timabowo tocepa kuposa diso la singano. Madzi a pacitsime nawo ali ndi zao. Mai aliyense adziwa zoyera zimene zimakangamira pansi pa ketulo yowiritsiramo madzi a pacitsime masiku onse. Zomwezo zikalowa m'paipi wa utsi zimatseka kamlomo ndi kumata cisa cija, ndipo cisa cikaonongeka cotero sicitsukika. Cifunika kugula cina, pa mtengo woposa kutali wa zigubu zambiri za madzi enieni.

Ena amathira madzi okha kuti thanki ioneke yodzaza. Nacoso sicithandiza, popeza galimoto iri ndi tizipangizo tonunkhiza utsi, ndipo zambiri ziri ndi kena koyesa madzi eniakewo. Ikazindikira cinyengo imayambanso kuwerenga makilomita ngakhale thanki iri tho. Pamapeto pace mwini wataya feteleza amene akanabereketsa munda, wataya ndi galimoto yomwe.

Pofunafuna vuto, ayambe ndi zocepa

Kuona maso a nkhono nkudekha. Nyali ikayaka, mwini galimoto ndi makaniko wace ayenera kutsata njira mwa dongosolo, kuyambira pa zosadya ndalama.

Coyamba ndi kuona ngati madzi alimo. Ngati atha, kuthira kabotolo kamodzi sikukwanira, pakuti magalimoto ambiri sazindikira kanthu kufikira atalandira malita 4 kapena 5. Buku la galimoto limanena muyeso wace. Atathira, woyendetsa atembenuze kiyi kuti nyali ziyake koma osautsa injini, nadikire pafupifupi mphindi imodzi kuti kompyuta ya galimoto ione kuti thanki yadzazidwa. Nthawi zambiri vuto limathera pomwepa.

Caciwiri ndi kuyesa madziwo. AdBlue wabwino ngwoyera mbee ngati madzi a mvula. Akakhala amatope, akanunkha dizilo, kapena akanunkha kwambiri ngati m'khola la mbuzi, thanki yonse iyenera kukhutulidwa ndi kutsukidwa. Makaniko wokonzeka amakhala ndi kagalasi koyesera kochedwa refractometer. Dontho limodzi liyenera kuonetsa pakati pa 31.8 ndi 33.2.

Cacitatu ndi kufunafuna zoyera zonga mcere. Madziwa akauma amasiya miyala yoyera, ndipo pamene yaunjikana pamasonyeza pamene pali kudontha kapena pamene patsekeka: pa kamlomo kowaza, pa zolumikizira mapaipi, kapena pa pampu. Miyala imeneyi imasungunuka ndi madzi ofunda oyera. Kuikolokosa ndi waya kapena singano ndiko kuononga kamlomo. Galimoto imene imangoyenda maulendo aafupi, kapena kuima nthawi yaitali injini iri kulira podikira okwera, ndiyo imagwidwa kwambiri ndi vutoli, cifukwa utsi wace sutentha mokwanira.

Cacinai ndi mawaya ndi mafyuzi. Miseu ya fumbi ndi mabampu imamasula zolumikizira za pansi pa galimoto, ndipo galimoto yonyamula cimanga ndi nshawa imaitana makoswe, amene sasiyanitsa njere ndi waya. Ambiri agula kacipangizo katsopano ka mtengo wapatali pamene vuto linali waya mmodzi wotafunidwa.

Cacisanu, zonsezi zikalephera, ndi makina owerenga kompyuta ya galimoto. Makinawo amaonetsa nambala ya vuto. P203F itanthauza kuti madzi acepa; P20E8 kuti pampu siiri kukankha mokwanira; P207F kuti madzi sali abwino; P20EE kuti utsi suli kuyera monga uyenera. Koma nambala imangoloza kumene munthu ayang'ane, siichula cimene agule. Mwa citsanzo, P20EE ingadze cifukwa ca madzi oipa, kamlomo kotsekeka, paipi wa utsi woboola, kapena kacipangizo konunkhiza utsi kamene kafa. Cisa ceniceni ndico cotsiriza kucikaikira. Makaniko wabwino amacotsa kamlomo ndi kukayesa kuti aone ngati kawaza muyeso woyenera. Amene angosintha zitsulo cimodzicimodzi ali kuombeza ndi ndalama za mwini. Nkwabwino kuti mwini galimoto aone yekha nambalayo ndi kuilemba m'kabuku, kuti akapita kwa makaniko wina asakayambirenso pa ciyambi.

Makhalidwe osunga galimoto

Kwao kumene magalimotowa anacokera mdani wa AdBlue ndi cisanu, pakuti amaundana kuzizira kukafika madigiri 11 pansi pa ziro. Ku Chadiza mdani ndi dzuwa. Pa malo osapyola madigiri 25 madziwa amakhala miyezi 18. Pa madigiri 30, miyezi 12. Pa madigiri 35, miyezi 6 yokha. Cigubu cosiyidwa pamwamba pa katundu kapena m'nyumba ya malata mu October sicikhalitsa. Cisungidwe pa mthunzi, cotsekedwa bwino, ndipo wogula ayang'ane tsiku limene cinapangidwa. Madziwa amadya mkuwa ndi citsulo wamba, motero asasamutsidwire m'ndowa kapena m'citini, ndipo cothirira cimene cakhudzapo parafini kapena dizilo cisayandikire. Popeza si golosale iriyonse ya kumudzi imene igulitsa madziwa, wanzeru sacoka ku tauni wopanda cigubu capadera.

Pali cizolowezi cina cofala m'midzi, ca kumasula batire galimoto itangoima, kaya poopa akuba kaya pofuna kuunikira m'nyumba. Pa magalimoto awa pampu imapitiriza nchito kwa kanthawi injini itazima, kubweza madzi otsala m'mapaipi kuti asaumiremo. Woyendetsa adikire mphindi zingapo kufikira kulira kwa pampu kutaleka, ndipo pamenepo amasule batire.

Zikacitika kuti AdBlue wathiridwa m'thanki ya dizilo, kapena dizilo m'kathanki kabuluu, kiyi asatembenuzidwe konse. Thanki yokha ikhutulika ndi ndalama zocepa. Injini ikangolira, zosakanizikazo zimafika m'mapampu ndi m'mapaipi onse.

Dizilo nayenso ali ndi mbali yace, cifukwa sulphur wocuruka amafooketsa zoyeretsera utsi. Paipi wa TAZAMA wocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, amene anatsegulidwa mu 1968 ndipo kwa zaka zambiri anali kubweretsa mafuta osayenga ku Indeni, anasinthidwa mu 2023 kuti azibweretsa dizilo wa sulphur wocepa. Ici cinakomera magalimoto atsopanowa. Koma dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa mseu, amene sadziwika kumene wacokera ndi cimene wasakanizidwa naco, angafafanize phindu lonselo.

Pomaliza pali aja amene amalonjeza kucotseratu zonse ndi kunamiza kompyuta kuti nyali isayakenso. Nyali imazimadi, koma mpweya woipa uja umabwerera, ndipo oupuma ndi ana okwera kumbuyo pamwamba pa matumba, ndi amai ogulitsa matimati pa siteji. Ndiponso kompyuta yoseweretsedwa ndi munthu wosadziwa ingabale mavuto ena amene palibe makaniko angawatsate. Nthawi yabwino yoganizira zonsezi ndi ndalama zisanaperekedwe. Wofuna kugula galimoto ayang'ane ngati pali cotsekera cabuluu, afunse kumene madziwo apezeka ndi makaniko amene ali ndi makina owerengera, ndipo mtengo wa madziwo auike pamodzi ndi wa dizilo ndi matayala powerengera ulendo uliwonse. Safunsa anadya phula.

Thumba la urea lotsala lija liri ndi nchito yace. Lidikire mvula, cimanga cikafika m'maondo lipite kumunda. Galimoto ipatsidwe madzi ace enieni nyali itangoyaka, kuti usiku umene wina adzagogoda pakhomo kufuna ulendo wa ku cipatala, injini idzayankhe pa kutembenuza kiyi koyamba.