DZIMBIRI SILIOPA UTOTO WOKONGOLA

Aliyense woyenda m'magombe a kwa Kanyenda, ku Nkhotakota, adziŵa m'mene eni maboti amanyadira zombo zao. Amazipaka utoto woŵala ndi kulembapo maina ochititsa kaso. Izi n'zabwino, koma kwa iwo amene ali ndi maboti achitsulo ndifuna kunena kuti utoto wosunga moyo wa anthu ndi uja uli pansi pa madzi, kumene diso silifika.

Ena amati madzi a m'nyanja yathu alibe mchere, tsono chitsulo sichingaole. Zoona, mchere umafulumiza dzimbiri, koma kuti liyambe limangofuna madzi ndi mpweya basi. N'chifukwa chake limakonda pamzere pamene madzi amalekeza, m'malo ootcherera, ndiponso m'kati mwa boti m'mene mumatsalira madzi. Boti likamakokedwa pamchenga utoto umakalika, ndipo pokalikapo ndi pakhomo pa dzimbiri.

Mbiri ya nyanja yathu itiphunzitsa kanthu. Sitima ya Chauncy Maples idapangidwa ku Glasgow ndipo idabwera kuno zidutswazidutswa, niyamba kuyenda m'chaka cha 1901. Zitsulo zake adazikuta ndi zinki monga amachitira ndi malata. Zinkiyo idaphimba manambala a zidutswazo, kotero kuti kulumikiza kudatenga nthaŵi yaitali. Komabe sitimayo idakhala pamadzi zaka zoposa 100. Ilala nayo idapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, niyamba ntchito mu 1951, ndipo yanyamula ana ndi zidzukulu za anthu amene adaikwera poyamba. Sitima sifika ukalamba wotere popanda kuitulutsa m'madzi nthaŵi ndi nthaŵi, kuipala ndi kuipakanso, monga amachitira ku Monkey Bay.

Masiku ano tili ndi utoto wa epokisi. Umabwera m'zitini ziŵiri, china cha utoto weniweni, china cha mankhwala oumitsa. Ukasakanizidwa pa muyeso wolembedwa pachitini umauma gwa, nutsekereza madzi ndi mpweya. Koma uli ndi malamulo ake. Chitsulo chiyenera kupalidwa mpaka dzimbiri lonse litachoka, mafuta ndi fumbi zipukutidwe, ndipo chikhale chouma. Kupaka kuchitike tsiku lomwelo, mame asanagwe. Osasakaniza wambiri nthaŵi imodzi, pakuti umaumira m'chitini, makamaka kukatentha. Upakidwe kaŵiri kapena katatu, ndipo boti lidikire pafupifupi sabata lisanabwerere m'madzi. Pamwamba pomwe pamaomba dzuŵa pafunika utoto wina woteteza, chifukwa epokisi amafumbutuka ndi dzuŵa.

Apa ndi pamene ambiri timalakwa. Pofuna kufulumira timapaka pamwamba pa dzimbiri, boti nkumaŵala ngati latsopano. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Dzimbiri limapitiriza kudya kunsi, utoto umatupa, ndipo tsiku lina chitsulo chopyapyalacho chimabooka boti lili kutali ndi mtunda, litadzaza anthu ndi matumba a usipa.

Mwini boti adzati epokisi ngwodula, ndipo sabata imene boti lili pamtunda banja lidya chiyani? Dandaulo limeneli ndi lomveka. Koma kuotcherera chitsulo chatsopano n'kodula koposa, ndipo mtengo wa munthu womira palibe angaulipire. Za nthaŵi, chilengedwe chidatipatsa kale yankho. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mwera umakalipa, masiku ambiri maboti sapita kutali, ndipo mvula imakhala itatha. Imeneyo ndiyo nyengo yopala ndi kupaka.

Ndipempha mafumu ndi makomiti a m'magombe kuti akhazikitse mwambo woona pansi pa boti lililonse lachitsulo kamodzi pachaka. Eni maboti asonkherane pogula utoto, ndipo zopalidwazo zikwiriridwe kutali ndi madzi amene timamwa. Ife okwera nafenso tisachite manyazi kufunsa woyendetsa kuti boti lake adalitulutsa liti m'madzi.