Pagule fumbi ndiwe mwini: Ingoma ndi ufumu wa M'mbelwa

Akuluakulu anati pagule fumbi ndiwe mwini. Mwambiwu umakumbutsa kuti mwini zinthu ndiye ayenera kuyamba kuzisamala alendo asanaziyamikire. Ku Mzimba mwini wake wa ingoma ndi Inkosi ya Makosi M'mbelwa, amene likulu lake lili ku Edingeni, kumwera kwa boma la Mzimba.

Pamene Zwangendaba ankaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, sankatsogolera anthu a magazi amodzi. Pa ulendowo analowamo Athonga, Akaranga ndi Ansenga, ndipo pambuyo pake mwana wake M'mbelwa woyamba anaonjezerapo Atumbuka. Anthu a zinenero zosiyana chotere sakanamangidwa ndi nthungo yokha. Chimene chinawapanga kukhala Angoni ndi bwalo la mfumu. Kumeneko mnyamata wogwidwa kunkhondo ankalandira chishango cha chikopa cha ng'ombe, nalowa pamzere ndi ana a m'nyumba ya Jere, naponda pansi nthawi imodzi ndi iwo, amayi akuomba m'manja. Mfumu inkapereka ng'ombe ndi mowa kwa ovina, ndipo mlakatuli wake ankatchula mayina a makolo kuti aliyense aloweze mbiri imodzi. Ng'ombe imeneyo sinali yotayika ayi; inali msonkho umene mfumu inkapereka kuti ufumu wake ugwirizane.

Umboni wa mphamvu ya luso limeneli ndi wakuti Chingoni chinafa pakamwa koma chinatsala m'nyimbo. Ana analeredwa ndi amayi olankhula Chitumbuka, motero lero pamsika wa ku Mzimba ndi Chitumbuka chimene chimamveka. Koma ingoma ikayamba, mawu a makolo amatulukanso. Ngakhale mpingo unagonjera zimenezi. Donald Fraser, amene anakhazikitsa mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, ankachititsa mipikisano yopeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe a Chingoni, ndipo anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anasiya nyimbo zimene zikuimbidwabe m'matchalitchi.

Mu 2008, pa nthawi ya M'mbelwa wachinayi, bungwe la Mzimba Heritage Association linayambitsa mwambo wa Umtheto paphiri la Hora. Ntchito imeneyi ndi yoyamikika. Ana a Mzimba amene anabalalika ku Lilongwe ndi ku Joni anapeza chifukwa chobwerera kwawo mwezi wa Ogasiti, ndipo mafumu a Angoni ochokera ku Ntcheu ndi ku Chipata amakumana ndi abale awo.

Komabe pali zinthu ziwiri zofunika kuzinena mosapsatira. Choyamba, mwambo wa kamodzi pachaka suli ofanana ndi bwalo lakale limene linkalera luso tsiku ndi tsiku. Anyamata ambiri ovina bwino kwa Inkosi Mabulabo kapena kwa Inkosi Mzukuzuku sangamasulire nyimbo zimene akuimba, ndipo okalamba odziwa matanthauzo ake akutha mmodzimmodzi. Amisiri a zishango nawonso sangadye kuombera m'manja. Ngati ndalama zimapezeka za matenti ndi zamafuta a magalimoto a alendo olemekezeka (amene ena a iwo amangobwera kudzaonetsa nsalu za chipani), ziyenera kupezekanso zojambulira mawu a okalambawa ndi zowalipira kuti aziphunzitsa ana m'sukulu za m'midzi.

Chachiwiri ndi cholemera koposa. Phiri la Hora ndi pamene Atumbuka a Baza Dokowe, amene anaukira ulamuliro wa Angoni cha m'ma 1880, anazingidwa ndi kuphedwa ambirimbiri. Zidzukulu za ophedwawo ndi zidzukulu za opha lero ndi anthu amodzi, okwatirana ndi olira maliro pamodzi. Ufumu umene ukuti ndi ambuye wa onse a ku Mzimba uyenera kupereka malo aulemu pabwalo limenelo kwa vimbuza, gule wa Atumbuka amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndiponso kulola kuti dzina la Baza litchulidwe pamene mayina a makolo akutchulidwa patsinde pa phirilo.