Musaweruze Woponya Mpira Masewero Asanathe

Sabata ino ndabwera ndi mkangano. Ndikufuna kutsutsana ndi mtundu wina wa wochemerera masewero, uja amene amagamula mlandu wa timu yake yonse mpira uli m'kati. Chitsanzo ndachitenga ku America, pa masewero a baseball, chifukwa kumeneko khalidweli limaonekera poyera zedi.

Kwa amene simunawaonerepo, masewerowa amayenda motere. Woponya amaponya kampira kolimba, womenya wa timu ina amayesa kukamenya ndi chibonga, ndipo akakamenya bwino amathamanga kuzungulira malo anayi kuti apeze pointi. Akakamenya mpaka kuuluka kunja kwa mpanda wa bwalo, imeneyo ndiyo home run. Masewero amakhala ndi zigawo 9, ndipo pa chigawo chilichonse timu imamenya kufikira omenya ake atatu atatulutsidwa. Pakati pa kuponya ndi kuponya pamakhala kampata, ndipo kampata kameneka ndi kamene kamasandutsa ochemerera kukhala oweruza. Mpira umodzi ukalakwika, mumamva kuti woponyayu watheratu. Omenya atatu akalephera motsatizana, akuti timu yonse ndi ya manja lende.

Tiyeni tipite ku Cleveland, usiku wa pa 2 November 2016. Chicago Cubs inali isanatengepo chikho cha World Series chiyambire 1908. Pa mpikisano wa chaka chimenecho inatsalira ndi masewero 3 kwa 1, koma inalimbikira mpaka kufika pa masewero achisanu ndi chiwiri, otsiriza, polimbana ndi timu ya Cleveland imene nthawi imeneyo inkatchedwa Indians. Pa chigawo chachisanu Cubs inkatsogola 5 kwa 1. Wowakha mpira, David Ross, bambo wa zaka 39 amene ankasewera komaliza m'moyo wake, atangolowa m'bwalo anaponya mpira molakwika, kenaka mpira wa Jon Lester unadunda pansi n'kumuwomba pa chotchinga kumaso, adani n'kupeza mapointi awiri nthawi imodzi. Kodi woweruza wathu uja akadati chiyani? Akadati nkhalambayi ikapume. Pa chigawo chotsatira, nkhalamba yomweyo inamenya home run pa mpira wa Andrew Miller, mmodzi mwa oponya oopsa kwambiri chaka chimenecho.

Koma mlandu weniweni ndi wa Aroldis Chapman, woponya wa ku Cuba amene mpira wake unkathamanga kuposa makilomita 160 pa ola. Analowa pa chigawo chachisanu ndi chitatu, Cubs ikutsogola 6 kwa 3, kutatsala kutulutsa omenya anayi okha kuti manyazi a zaka 108 athe. Brandon Guyer anamenya, zinthu n'kukhala 6 kwa 4. Kenaka Rajai Davis, munthu wodziwika ndi liwiro la miyendo osati mphamvu za mikono, anaulutsira mpira kunja kwa mpanda. 6 kwa 6. Pamenepo n'kosavuta kuloza chala Chapman, pakuti ndiye anali ataima pakati pa bwalo, maso onse ali pa iye.

Ine ndikukana chigamulo chimenecho, ndipo chifukwa changa si chifundo chabe. Taonani masiku atatu a m'mbuyo mwake. Pa masewero achisanu, mphunzitsi Joe Maddon anamuponyetsa mpaka kutulutsa omenya 8, pamene ntchito yake ya masiku onse inali kutulutsa atatu basi. Pa masewero achisanu ndi chimodzi anamulowetsanso, ngakhale kuti timu inkatsogola 7 kwa 2. Mawa lake lomwe anamuitananso. Mkono wa munthu si chitsulo. Amene anaona mpira umodzi wa Davis n'kunena kuti Chapman ndi wamantha anaweruza chipatso osayang'ana mtengo wake. Ndipo Chapman yemweyo anabwerera pa chigawo chachisanu ndi chinayi, natulutsa Carlos Santana, Jason Kipnis ndi Francisco Lindor motsatizana. Akadaterereka kamodzi kokha pamenepo, chikho chikadatsala ku Cleveland.

Wina anditsutsa kuti: kodi tsono wochemerera atseke pakamwa? Iyayi. Kuunika masewero ndi theka la kukoma kwake, ndipo amene analipira pakhomo ali ndi ufulu wodandaula. Ndivomerenso kuti ochemerera ena anaona bwino. Amene anafunsa pa masewero achisanu ndi chimodzi kuti Maddon akumutopetseranji Chapman sanalakwe, ndipo Chapman mwini wake, atapita ku New York Yankees mu December chaka chomwecho, ananena poyera kuti sanagwirizane ndi m'mene anamugwiritsira ntchito. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mphunzitsi ayenera kufunsidwa. Koma taonani kusiyana kwake. Ameneyo anafunsa za chosankha, zotsatira zisanadziwike, ndipo akadakhala wolondola ngakhale Davis akadaphonya. Amene ndikulimbana naye ndi uja amadikira mpira ugwe kaye, ndiye n'kudzitcha mlosi.

Pa nkhani ya kumenya, kupupuluma kumeneku n'kopanda nzeru koposa. Mu baseball, munthu amene amamenya bwino katatu pa maulendo khumi amatchedwa katswiri. Ted Williams wa Boston Red Sox amakumbukiridwa mpaka lero chifukwa mu 1941 anafika pa 406 mwa 1,000, kutanthauza kuti ngakhale iyeyo ankalephera pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa khumi. Timu iliyonse imasewera masewero 162 pa chaka, ndipo womenya amapeza mpata kanayi kapena kasanu pa tsiku. Nanga maulendo anayi angakuuzeni chiyani za munthu? Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sindikunena kuti aliyense wonyozedwa amadzadziwombola ndi chibonga. Jason Heyward, amene Cubs inamulemba pa mgwirizano wa zaka 8 wa madola 184 miliyoni, anamenya moipa chaka chonse cha 2016, ndipo ochemerera anali ndi zifukwa zokwanira zong'ung'udzira. Chigawo chachisanu ndi chinayi chitatha, mvula inaimitsa masewero kwa mphindi 17. Heyward ndiye anasonkhanitsa anzake m'chipinda chochitira masewero olimbitsa thupi, nawalimbitsa mtima, Chapman akugwetsa misozi. Izi palibe wa pa mpando wa oonerera amene anaziona, ndipo palibe chiwerengero chimene chinazilemba. Atabwerera m'bwalo pa chigawo chakhumi, Ben Zobrist ndi Miguel Montero anamenya, Cubs n'kutsogola 8 kwa 6. Heyward itafika nthawi yake analepheranso monga mwa masiku onse.

Davis uja anamenyanso, kukhala 8 kwa 7, kenaka Mike Montgomery anatulutsa womenya womaliza. Malamulo a baseball amalemba chipambano pa dzina la woponya amene anali pa ntchito pamene timu yake inatsogola komaliza. Mukatsegula kaundula wa masewero a usiku umenewo, dzina limene mulipeze pamenepo ndi la Aroldis Chapman.