Mkangano wa Chimbale cha Hot Space Ukuphonya Pamene Pagona Nkhani

Papita zaka zoposa 40 chitulukire chimbale cha Hot Space cha gulu loyimba la Queen la ku Mangalande, koma anthu okonda nyimbo za gululi sadaleke kukangana za chimbalechi kufikira lero lino. Ena akuti chidali chochititsa manyazi, ndipo kuti oyimbawo adafulatira anthu amene adawakweza. Ena akuti chidali chabwino zedi, kungoti makutu a anthu a nthawi imeneyo adali asadakhwime. Mbali zonse ziwirizi zikulankhula mokweza, koma zikuphonya pamene pagona nkhani.

Nkofunika kuyamba ndi kukumbutsa kumene gululi lidachokera. Mudali anthu anayi: a Freddie Mercury, amene adabadwira ku Zanzibar m'chaka cha 1946 ndipo ndiwo ankatsogolera nyimbo, a Brian May a gitala, a Roger Taylor a ng'oma, ndi a John Deacon a gitala ya besi. Anthuwa adatchuka m'zaka za m'ma 1970 ndi nyimbo za rock, za magitala aukali ndi mawu ambiri olukana bwino. Pa zikuto za zimbale zawo zoyambirira ankalembapo monyadira kuti sadagwiritse ntchito makina a synthesizer. Kwa owatsatira, mawu amenewo adali ngati pangano lakuti chilichonse chomveka m'chimbale chachokera m'manja ndi pakhosi pa munthu.

M'chaka cha 1980 a Deacon adapeka nyimbo yovinika yotchedwa Another One Bites the Dust, ndipo idakhala pa nambala 1 ku America. Chimbale chimene mudali nyimboyo, The Game, nachonso chidafika pa nambala 1 ku America ndi ku Mangalande komwe. Apa mpamene padayambira vuto. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Poona kuti nyimbo imodzi yovinika yawabweretsera ulemu ndi chuma chotere, gululi lidadzaza pafupifupi mbali yonse yoyamba ya chimbale chotsatira ndi nyimbo za funk ndi disco. Hot Space itatuluka m'mwezi wa Meyi 1982, anthu adamva makina akuyimba m'malo mwa ng'oma, malipenga m'nyimbo ya Staying Power, ndipo m'nyimbo ya Body Language gitala ya a May idangotsala pang'ono kusoweratu. Chimbalecho chidalekera pa nambala 4 ku Mangalande ndi pa nambala 22 ku America.

Amene amati gululi lidawapandukira ali ndi mfundo ndithu, koma mkwiyo wa ena mwa iwo sudali woyera. Pa 12 Julayi 1979, pa bwalo la masewera la Comiskey Park mumzinda wa Chicago, khamu la anthu okonda rock lidasonkhana kudzaonerera kuphulitsidwa kwa zimbale za disco, ndipo mapeto ake chidali chipolowe. Ambiri olemba mbiri ya nyimbo anenapo kuti m'chidani chimenecho mudalinso kunyoza anthu akuda, amene nyimbozo zidachokera kwa iwo. Munthu wodana ndi Hot Space pa chifukwa chotere alibe mlandu womveka. Komanso nkulakwa kunena kuti rock ndi nyimbo zovinika sizingakhalire pamodzi. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho cha 1982, a Michael Jackson adatulutsa Thriller, m'mene a Eddie Van Halen adayimba gitala yaukali pa nyimbo ya Beat It, ndipo dziko lonse lidachilandira ndi manja awiri. M'chaka cha 1983 a David Bowie adachita chimodzimodzi ndi Let's Dance. Tsono anthu sadakane kusakaniza. Adakana kasakanizidwe kake.

Nawonso amene amachiikira kumbuyo chimbalechi amapitirira muyeso. Iwo amakonda kukumbutsa zimene a Mercury adanena pa 5 Juni 1982 ku Milton Keynes, pamene adauza khamu la anthu kuti kuyesa nyimbo zatsopano sikutanthauza kuti gululi lataya rock, ndi kuti ichi nchimbale chabe, sichofunika kupsera mtima chotere. Mawuwa ngokoma kuwamva, koma ngopepuka. Munthu wogwira ntchito amene watapa pa malipiro ake a pa sabata kukagula chimbale ali ndi ufulu wodandaula ngati wapeza kuti sichimene amayembekeza. Kumutcha mbuli nkumuchimwira. Ndipo angatchedwe bwanji mbuli pamene a May ndi a Taylor, theka lenileni la gululo, adanena okha poyera kuti njira imene chimbalecho chidatsata sadakondwere nayo?

Pamenepa mpamene pagona nkhani. Hot Space ndi ntchito ya anthu anayi amene adali asadagwirizane za chimene akufuna kupanga. Gawo lalikulu lidajambulidwa ku Munich, m'dziko la Germany, kumene oyimbawo adadzavomereza pambuyo pake kuti zosangalatsa za usiku zidawadyera nthawi ndi mphamvu. Pa nyimbo ya Back Chat padali kukokanakokana: mwini nyimboyo, a Deacon, sadafune gitala ya rock, pamene a May adaumirira kuti ilowemo, ndipo idalowadi atalimbana. Wina akamayimba ndi mtima wonse, mnzake akungotsatira monyinyirika, khutu la womvera limadziwa ngakhale asadauzidwe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mitu inayi yoyang'ana kosiyana silisenzanso.

Umboni uli m'chimbale momwemo. Nyimbo imene palibe amene amaitsutsa ndi Under Pressure, imene onse anayi adaipangira pamodzi ndi a Bowie ku Montreux, m'dziko la Switzerland, ndipo idakhala pa nambala 1 ku Mangalande m'chaka cha 1981. Umboni wina uli pa bwalo la Milton Keynes lomwe lija. Kumeneko Staying Power idayimbidwa ndi ng'oma zenizeni ndi magitala, aliyense atagwira chida chake, ndipo ambiri amene amanyoza nyimboyi m'chimbale amaiyamikira akaimva m'zojambula za tsikulo, zimene zidatulutsidwa m'chaka cha 2004. Nyimbo ndi yomweyo. Chidasintha nchakuti onse anayi adali pa ntchito.

Achinyamata amene adalidziwa gululi kupyolera mu kanema wa Bohemian Rhapsody wa 1918 kuwonjezapo zaka 100, ndiye kuti 2018, amamva Hot Space popanda mkwiyo wa makolo awo, ndipo zimenezi nzabwino. Koma asaiwale mtengo umene udalipidwa. Ku Ulaya gululi lidadzukanso ndi chimbale cha The Works m'chaka cha 1984, ndipo pa 13 Julayi 1985 lidagwedeza bwalo la Wembley pa mwambo wa Live Aid. Ku America zinthu sizidatero. Ulendo wawo woyimba wa 1982 udali womaliza kumeneko a Mercury ali moyo. Iwo adamwalira pa 24 Novembala 1991, ndipo pamene a May ndi a Taylor adakayimbanso m'dzikolo ndi dzina la Queen m'chaka cha 2005, wotsogolera nyimbo adali a Paul Rodgers.